Bwalo la Linunda

"Usandikoke! Mabuleki iwe, usandikoke!"

Mawuwo asanathe, achimwene anali atagwa kale, ine pamwamba pawo, kachingwe kolumikiza dzanja langa ndi lawo katatikulunga ngati mbuzi ziwiri za pachikhomo chimodzi. Tinali potsetsereka. Nthawi zonse tinkagwera potsetsereka, ndipo nthawi zonse wolakwa ndinkakhala ine.

"Maso uli nawo ndiwe, koma mantha ako akuposa a ine wosaona," anatero akulavula fumbi. "Phazi likufuna kupita, iwe ukulibweza. Dzina ndinakupatsa lija silinalakwike."

Ndinawadzutsa. Chigongono chawo chinali chitasupuka, ndipo ndinadziwa kuti kunyumba kukhala mlandu.

Achimwene anali wothamanga wa mitunda italiitali mpaka pomwe nthenda inawalanda maso. Zaka ziwiri anakhala pampando wa pakhonde, wailesi pamiyendo, akunenepa ndi kukwiyira aliyense wowapatsa moni. Ndine ndinawachotsa pamenepo, ndi kachingwe kodula ku lamba wa chikwama chakale. Ndinali wonyadira zimenezo, sindibisa.

Bwalo lathu linali kuseri kwa fakitale ya sopo, ndipo anthu ankalitcha Linunda. Mbali ina kunali chimulu cha dothi chokwirira thanki ya madzi. Mphunzitsi wa masewero amene anakonza bwalolo anakana kuchilambalala chimulucho, anati njira ikwere pomwepo. Ndiye ukachoka poyambira unkathamanga m'mbali mwa khoma la fakitale, pokhota n'kukumana ndi chikweza chachifupi koma chowawa, kenako n'kutsetsereka mtunda wautali mpaka kufika mbali ya ngalande. Anyamata a m'makalabu ankabwera kudzalimbitsa ntchafu, n'kumachoka akutukwana malemu mphunzitsiyo. Achimwene okha ndi amene ankalikonda bwalolo.

"Pabwalo losalala ndimakhala ngati andiika m'thumba," ankatero. "Pano nthaka imandiuza pomwe ndili."

Madzulo a tsikulo alamu, akazi awo, anatsuka bala lija mwankhanza zadala. Ankakanikiza thonje ngati akuchotsa mwaye pa poto.

"Aaa, pang'onopang'ono mayi!"

"Pang'onopang'ono mukanauza miyendo yanuyo. Bambo inu, mwezi ukatha mlongo wanuyu akupita. Ndiye muzikagwa ndi ndani? Nsapato zanu zothamangirazi ndikazipereka kwa wosoka nsapato, azidule zikhale zigamba."

Zinali zoona. Ndinali nditapeza ntchito ya unamwino ku chipatala chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ntchitoyo ndinaidikira nthawi yaitali, koma ndikayang'ana mpando wa pakhonde uja mtima unkandiwawa.

"Sindipita," ndinatero. "Ntchito ina idzapezeka."

Achimwene anatembenuzira nkhope komwe kunachokera mawu anga, ndipo anandilunjika bwino lomwe.

"Bwereza."

"Ndati ndikhoza kudikira kaye, achimwene."

"Ukakana ntchito chifukwa cha ine, ndibwerera pampando uja ndekha, ndipo moni wako sindidzayankhanso. Wamva? Sindinakulipirire sukulu kuti udzakhale ndodo yanga." Kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Loweruka lomaliza asanapite, ndizungulira bwalo lija ndekha, popanda chingwe. Ndikalephera, tengani nsapatozo. Munthu akangondiitana kuti andilondolere, ndiye kuti ndalephera."

"Mukagwera m'ngalande," anatero alamu.

"Ndikagweramo ndisamba."

Masabata otsatirawo ndinaona liuma lomwe sindinalionepo mwa munthu. M'mawa uliwonse ankavula nsapato n'kuyenda bwalo lonse ndi mapazi okha, ine ndili pambuyo manja ndapisa m'thumba, chifukwa anati ndikangowakhudza andipitikitsa. Anapeza kuti mkati mwenimweni mwa njira munali kamkwasa kokumbika ndi mapazi a anthu. Anapeza kuti khoma la fakitale limabweza mgugu wa mapazi, ndipo mguguwo ukasiya ndiye kuti pokhota payandikira. Ngalande inali ndi kamawu kake ka madzi. Atatha kuyenda anayamba kuthamanga pang'onopang'ono. Anagunda mpanda, anapunthwa pa njerwa za m'mphepete, tsiku lina anakalowa mu udzu mpaka m'chiuno n'kutuluka akuseka ndi zisoso m'malaya monse. Koma potsetsereka ankayendabe, sanathamangepo okha ngakhale kamodzi. Ine ndinkaona zimenezo, ndipo usiku tulo sindinkapeza.

Loweruka lija tinafika m'mamawa, makina a fakitale asanayambe phokoso. Alamu anabwera ndi thumba lapulasitiki lopanda kanthu, loti aikemo nsapato. Analikung'untha dala kuti amuna awo alimve.

"Thumba limenelo mugulira ndiwo pobwerera," anatero achimwene. Anandipatsa kachingwe kaja. "Sunga, Mabuleki. Ndipo pakamwa utseke."

Ananyamuka. M'mbali mwa khoma anapita bwino, mutu utapendeka pang'ono, akumvetsera mapazi awo. Khoma litatha anakhota ngati woona, n'kuwerama, n'kuyamba kukwera. Mpweya wawo unkamveka mpaka pomwe tinaima. Pamwamba pa chimulu anazimiririka kanthawi, kenako tinawaonanso tsidya lina, atayamba kutsika.

Sanayende. Anathamanga, ndipo anathamanga momwe ankafunira masiku onse aja ndinkawabweza. Miyendo inatambasuka, malaya akuuluka kumbuyo. Ndinazindikira kuti dzanja langa likukoka kachingwe kopanda munthu.

Pakati pa motsetsereka phazi linaphonya kamkwasa kaja. Anagwa, n'kukunkhunika kawiri, fumbi lili koboo. Ataimirira anali atayang'ana kolakwika, kunja kwa bwalo, komwe kunali ngalande. Anaponda phazi limodzi, n'kuima.

Alamu anakoka mpweya kuti akuwe. Ndinawatseka pakamwa ndi chikhatho, dzanja linalo n'kuwagwira m'khosi. Anandimenya ndi chigongono m'nthiti, ine osataya. Kunena zoona ndinkawatseka iwo kuti ine ndisakuwe, chifukwa dzina la achimwene linali litafika kale pa lilime langa. Ndinkachita mantha kwambiri.

Achimwene anaima chiimire, manja ali m'malere. Kunalibe khoma lowabwezera mawu, ndipo mphepo inali itasokoneza kamawu ka madzi. Kenako anagwada. Anaika zikhatho zonse ziwiri pansi, n'kumasisita nthaka pang'onopang'ono, uku ndi uku, monga momwe ndimafufuzira mtsempha pa dzanja la wodwala. Chikhatho china chinali m'mwamba, china m'munsi. Anazungulira ndi mawondo mpaka nkhope inaloza kotsetsereka, anakwawa pang'ono, zala n'kugwera mu kamkwasa kaja. Anadzuka.

Anatsika mtunda wotsalawo, anadutsa mbali ya ngalande, anakhota komaliza. Ankabwera kwa ife magazi akuyenderera pa bondo mpaka mu sokosi, fumbi lili mbuu tsaya lonse. Ndinachotsa dzanja pakamwa pa alamu, ndipo pachikhatho panga panali patadindika mano awo onse a m'mwamba.

"Mwafika, achimwene! Imani, mwafika!"

"Pita ukalongedze katundu!" anandiyankha akudutsa, osachepetsa n'komwe liwiro. Analowanso m'mbali mwa khoma, ulendo wachiwiri.

Alamu anayang'ana thumba lija, n'kulipinda, n'kulipana m'khwapa. Misozi inali ikutsika koma nkhope inali yokwiyabe.

"Mwamuna ameneyu adzandipha," anatero. Kenako anaika manja kukamwa n'kukuwa ndi mphamvu zawo zonse. "Kwezani mawondo, bambo inu! Chikweza chayamba!"

"Ndachimva kale, mayi!"

Anawerama, n'kuyamba kukwera.