Mayi Ndanama

Chipinda chinali chimodzi koma mabizinesi anali awiri. Kuzenera kunali Telala ndi makina ake osokera, kuchitseko kunali Ometa ndi mpando wawo wozungulira, pakati pali chinsalu chamaluwa chimene chinasiya kalekale kubisa kanthu. Wailesi inali ya Ometa, ndipo chiyambireni khoti la mayiko ogwirizana kuzenga mlandu wa Wapampando, umene unkaulutsidwa pawailesipo, m'chipindamo munkadzaza anthu, ometetsa ndi ongomvera omwe.

Lamulo linali limodzi. Makina ometera a Ometa anali okalamba, ndipo akangowayatsa wailesi inkangoti phwaa, osamvekanso kanthu. Choncho nthawi ya khoti Ometa ankagwira sizasi yokha. Wofuna mpala ankadikira madzulo.

Wapampando ameneyu ndi amene ankalamulira tauniyo chaka chimene anthu a kutsidya kwa mlatho anauzidwa kuti mtundu wawo uyenera kutheratu. Anawasonkhanitsa mu holo ya sukulu, ati awateteze, kenako n'kutseka zitseko. Asilikali a zipewa za buluu ochokera mayiko akutali atafika n'kuletsa kuphanako, mu holomo munatuluka anthu ochepa. Mayi ake a Telala anatuluka. Mkazi wa Ometa sanatuluke.

Asilikaliwo analipobe, galimoto yawo yoyera inkaima pamphambano, ena ankabwera kudzametetsa. Koma msilikali sangagone pakhomo pa munthu aliyense, ndipo abale a Wapampando anali akadali ndi masitolo awo mumsewu womwewo. N'chifukwa chake khoti linkabisa mboni zake. Dzina ankalichotsa, nkhope kuiphimba, mawu kuwadutsitsa m'makina mpaka mkazi ankamveka ngati munthu akulankhulira mu ndowa.

Tsikulo mboni inali mayi ake a Telala. Anthu ankadziwa zoti mayiwo ali kuchipatala cha kutali kukakonzetsa maso. Bodza limeneli Telala analinena kambirimbiri mpaka iye mwini anayamba kuwamvera chisoni maso aja.

Chimene chinkamusowetsa mtendere linali liwu limodzi lokha. Mayi akewo sankatha kumaliza nkhani osafunsa kuti, "Ndanama?" Mvula ibwera lero, ndanama? Mwanayu wafanana ndi bambo ake, ndanama? Msewu wonse unkawatchula kuti Mayi Ndanama, ndipo dzina lawo lenileni ambiri analiiwala. Makina a khoti angasinthe mawu a munthu, nanga chizolowezi angachisinthe bwanji?

Asananyamuke, Telala anawakhazika pansi. "Amayi, mukangolinena liwu lija mwadziulula nokha. Ine ndi adzukulu anu tikagona kuti?"

"Iwe, ukundiyesa mwana? Ndamva. Sindikalinena ngakhale kamodzi. Ndanama?"

Telala anangogwira pachibwano. Anadandaulanso kwa mayi wina wamtali wa dziko lina, woteteza mboni, amene anabwera kudzawatenga. Mayiyo anagwedeza mutu ulemu wokhawokha, ndipo Telala anaona kuti pamenepo wangotaya malovu.

Khoti litatsala pang'ono kuyamba, analowa mlamu wake wa Wapampando, mwini sitolo ya misomali ndi utoto. Munthu wake ankayenda ngati msewu anaumanga yekha. Anakhala pampando wozungulira osafunsa kuti ndani ali pamzere.

"Chepetsani m'mbalimu, pamwambapa musakhudze," anatero. "Lero akuti kuli mboni ina yobisa nkhope. Azibisa, koma khutu langa ndi lakuthwa. Munthu amadziwika ndi kalankhulidwe."

Telala anaika diresi la sukulu pansi pa singano, koma phazi linakana kuponda.

Mboni inayamba. Mawu ake anali okhuthala, achilendo, osadziwika kuti ndi a mwamuna kapena a mkazi. Inafotokoza mmene anawakhazikira pansi, akazi uku amuna uko, ndi mmene mazenera anawakhomera matabwa. Woweruza atafunsa amene inawaona mu holomo, inayamba kutchula mayina mmodzimmodzi, modekha, ngati ikuitana ana kuti abwere kudzasamba. Pakati pa mayinawo inatchula mkazi wa Ometa.

Sizasi inaima m'mwamba. Palibe amene anayang'ana Ometa, aliyense anapeza chochita ndi nsapato zake. Patapita kanthawi sizasi inayambanso, keche keche.

Kenako anaimirira loya wa Wapampando, ndipo womasulira anabwereza mawu ake. "Mboni, inu munali pansi, anthu atakupanikizani mbali zonse. Munamuona bwanji amene anatseka chitseko? Si kuti mukungonena zimene munamva kwa ena?"

Telala anatseka maso. Mayi ake ankawadziwa. Ukawatsutsa, mawu awo ankakwera pang'onopang'ono ngati munthu akukwera makwerero, ndipo pamwamba pa makwereropo pankakhala liwu lija.

"Ndinamuona ndi maso angawa," inatero wailesi. "Anaima pakhomo, makiyi ali m'manja. Anatiyang'ana tonse asanatseke. Mwiniwake ali apoyo, mufunseni, ine…"

Phwaa!

Makina ometera anali atayaka. Anthu anadzuka pabenchi akudandaula. "Ometa, nanga lamulo lija?"

"Pali tsitsi louma pankhongo apa, sizasi yakanika," anatero Ometa osacheuka. Makinawo sanaime pankhongo. Anakwera phiri, anadutsa pakati penipeni pa mutu, n'kutsikira pachipumi, kusiya msewu woti njinga ingadutsemo.

"Mwatani inu?" anakuwa mlamu uja akuyang'ana pagalasi. "Ndanena kuti pamwamba musakhudze!"

"Pepani bwana, dzanja laterereka. Ukalambatu uwu. Nanga titani, tingomaliza mutu wonse."

Ndipo anaumalizadi, mosathamanga, kubwerera apa ndi apo ngati akulima dimba la apongozi. Pamene ankazimitsa makinawo, wailesi inali ikulengeza kuti khoti lapita kokapuma. Mlamu uja anatuluka mutu ukuwala, akutukwana makina, ukalamba ndi khoti lomwe. Za mboni sanatchulenso. Anthu anadikira kuti akhote pamphambano, kenako anaseka mpaka ena kugwira nthiti.

Telala sanaseke nawo. Liwu lija m'chipindamo silinamveke, koma mumsewumo mawailesi analipo ambiri.

Masana foni yake inalira, nambala yachilendo. Anathamangira kuseri, pampopi pamene ankachapira nsalu.

"Mwanangu, ndamaliza," anali mayi ake, mawu awo enieni. "Koma usandikalipire. Ndinalinena."

Telala anagwira mpopi uja. "Amayi inu!"

"Linangotuluka lokha. Loya uja anadumpha, ati mboni yavomera kuti yanama. Womasulira anachita kufotokoza kuti kwathu munthu akatero ndiye kuti akulumbira. Woweruza, mayi wa imvi wa dziko lina, anamuuza loyayo kuti akhale pansi."

"Ndiye tauni yonse yamva?"

"Ayi, tamvera kaye. Mayi wamtali uja akuti wailesi imatsalira m'mbuyo mwa khoti. Zimene mumamva inuzo zimakhala zitadutsa kale m'manja mwawo. Liwu lija analidula paliponse pamene ndinalinena, pamodzi ndi phokoso la loyalo. Akuti tsiku limene unamuuza lija analiloweza, n'kukawaphunzitsa anzake onse. Pano akandiona m'khonde amandipatsa moni ndi liwu lomwelo. Anthu abwino amenewa, ndanama?"

Telala anakhala pansi pasimenti yonyowa, diresi lake kunyowa iye osasamala. Anaseka, kenako analira, kenako anasekanso. Kwa nthawi yoyamba chinyamukireni mayi ake, mtima wake unakhala pansi, ndipo anamva njala.

Atabwerera m'chipinda anapeza anthu atabalalika. Ometa anali okha, akusesa tsitsi la mlamu uja. Telala anafuna kuwauza kuti anadzivutitsa pachabe, kuti khoti linali litatchinga kale, koma kutero kukanakhala kuulula chinsinsi. Anangoti, "Bambo, kasitomala uja mwamutaya."

"Apite. Tsitsi limamera." Anasesabe pang'ono. "Nanga maso a mayi anu ali bwanji?"

"Akuti akuona bwino."

"Akuonadi bwino," anatero Ometa. Anatsamiritsa tsache pakhoma, n'kukhala pampando wawo wozungulira, chinthu chimene Telala anali asanawaonepo akuchita. Maso awo anali ofiira, koma nkhope inali yomasuka. "Zaka zonsezi, mwanangu, palibe amene anandiuza pagulu kumene mkazi wanga anathera. Ena mpaka ankati anathawa ndi mwamuna wina. Lero dzina lake latchulidwa pamaso pa oweruza, mayiko onse akumva. Mlandu suwoladi."

Telala anapita kukakhala pamakina ake, nalowetsa ulusi pasingano, ndipo ulendo uno phazi linavomera kuponda.

"Akabwerako kuchipatalako," anatero Ometa kuseri kwa chinsalu chija, "mudzawauze kuti sananame."