Kalata ya Pansi pa Chipika

"Mayi, tadzukani pamenepo," anatero bwana wathu watsopano, ataima patali kuopa kuti nsapato zingalawe matope.

Sindinadzuke. Ndinali nditakhala pa chipika chowola, manja pamaondo, ngati wodikira basi. Kumbuyo kwa bwanayo kunaima mlonda ndi nkhwangwa, maso ali kumwamba ngati kukuchitika zina kumeneko.

Ndinali nditatha zaka khumi ndi zinayi pamalo aja ophunzitsira ana zachilengedwe. Ana a pulayimale ankafika oyera ngati akupita ku ukwati, ine n'kuwabweza kwa aphunzitsi awo ali mbuu. Chipikacho ndiye chinali kalasi yanga. Pansi pake pankakhala abongololo, nyongolotsi, chiswe ndi chule mmodzi wamwano. Lamulo linali lakuti ugogode kaye, unene odi, utembenuze pang'onopang'ono, uone, kenako ubwezere monga unapezera. Nyumba ya eni saisiya khomo pululu.

Bwanayo tinkawatcha a Ndondomeko, poti ngakhale moni ankapereka motsata ndondomeko. Anabwera ndi madigiri awiri a zachilengedwe, koma chilengedwecho anali asanaonane nacho maso ndi maso.

"Mawa kukubwera apampando a komiti," anatero. "Miyala tapaka laimu, udzu tatchetcha. Chatsala ndi chinyalala mwakhalirachi."

"Muli eni ake umu, bwana. Ambiri kuposa a mu ofesi. Ndipo awa amagwira ntchito."

Mlonda anatsokomolera m'chipewa.

Bwana anapitiriza: "Ana aonera nyongolotsi pa kanema mu holo. Zaukhondo, zadongosolo."

"Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amamva ndi zala, bwana. Makutu amabwera pambuyo."

"Mukapanda kudzuka mulandira kalata ya chenjezo. Ikafika yachiwiri, geti mukulidziwa."

Geti ndinkalidziwadi. Ndinkadziwanso kuti mayi wa zaka makumi asanu, wa maondo olira ngati chitseko, palibe amene amamudikira ndi ntchito ina kunjako. Nyerere zinali zitayamba kale kundiyendera m'miyendo. Ndinangokhala duu mpaka nkhwangwa inabwerera m'sitolo ya zipangizo.

M'mawa mwake kalata ndinaipeza pa tebulo langa: masamba awiri, chidindo, ndi siginecha yotambalala ngati mpanda wa minga, madigiri awiri aja atalembedwa pansi pake. Ndinaipinda n'kuiponya m'thumba la epuloni.

Ana anafika, apampando nawonso anafika, mayi wachikulire woyenda ndi ndodo. A Ndondomeko analozera onse ku holo. Ine ndinaomba m'manja kawiri, monga mwa masiku onse, ndipo ana makumi atatu anatembenuka n'kunditsatira kutchire. Apampando anayang'ana holo, anayang'ana ana, n'kutsatira ana. Bwana analibe kuchitira mwina.

Phunziro la tsikulo linali la kuwola. Timaika zinthu zinayi pansi pa chipika, tsamba, khoko la nthochi, pulasitiki ndi pepala, ana n'kulosera chimene chiyambe kutha. Anagogoda, ananena odi, tinatembenuza. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanawerenga zinthuzo ndi chala.

"Anti, pepala palibe."

Nyuzipepala yakale imene timaikapo ndinali nditaiiwaladi. Izi ndimanena mpaka lero, ndipo ena amakhulupirira. Ndinapisa m'epuloni, ndinatulutsa kalata ija, n'kuiyala bwinobwino pakati pa abongololo, chidindo chili pamwamba.

"Pepala lokongola chonchi?" anafunsa apampando.

"Lachokera mu ofesi, mayi. A bwana apereka okha m'mawa uno."

"Zikomo bwana," anatero ana onse pamodzi, mokoka mawu ngati pa mzere wa kusukulu.

Bwana anamwetulira ngati munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi.

"Pakatha milungu itatu ndibweranso ndi ana omwewa," anatero apampando. "Ine ndati choyamba kutha ndi khoko. Wina asakhudzepo."

Milungu itatuyo bwana sanandiyankhule. Ankadutsa kuseri kwa holo, ine n'kumamupatsa mlonda moni wa anthu awiri.

Tsiku litakwana tinazungulira chipika. Apampando anati msana sukuwalola, choncho atembenuze ndi mwini pepala. Bwana anakoka buluku m'maondo, anagwada, n'kugwira chipikacho.

"Simunagogode," kanatero kamtsikana kaja.

Bwana anayang'ana apampando. Apampando ankadikira. Bwana anagogoda ndi chala chimodzi.

"Odi," anatero chapansipansi.

"Sanamve," kanatero kamtsikana.

"Odi."

Pulasitiki inali momwemo, yonyezimira mopanda manyazi. Khoko linali litada, tsamba litasanduka ukonde. Kalata ndiye panalibe. Chiswe chinali chitadya chenjezo, chidindo, siginecha ndi madigiri onse awiri. Kamtsikana kaja kanafufuza m'dothi ndi zala, kanatola kawaya kolumikizira mapepala kochita dzimbiri, kanakapukuta pa diresi, n'kukaika m'dzanja la bwana.

"Ichi akana," kanatero.

Bwana anakhalabe chogwada, kawayako kali m'manja, bongololo akukwera pa nsapato yawo mosafulumira, miyendo yonse motsata ndondomeko.