Amene Anavala Jekete ya Stanford

Stanford Chimphamba anamva za mlandu wake mlanduwo utatha kale. Anamvera pamsewu, ku Lupaso, injini ikulira, lole itadzaza matabwa ochokera ku Chikangawa.

Wapolisi amene anamuimitsa ankadziwana naye, moti Stanford anapereka laisensi akumwetulira. Koma laisensiyo sinabwerere.

"Achimwene, mukuyendetsabe? Khoti linakuletsani chaka chathunthu. Takhala tikudikira kuti mubweretse laisensiyi."

"Khoti liti?"

"La konkuno ku Mzuzu. Nkhani ya mbendera ija."

Mbenderayo anaikumbukira. Tsiku lina akubweza lole chambuyo ku Masasa, inakhudza mtengo wa mbendera ya chipani pa ofesi ya nthambi, mtengowo n'kugwa. Kunena zoona, chiswe chinali chitaudya kale kunsi, ngakhale mbuzi ikanaugwetsa podzikanda. Iye anatsika, anatola mbendera ndi manja awiri, anapepesa kwa atcheyamani, ndipo mawa lake anakadzika mtengo wa bulugamu watsopano. Ankayesa zinathera pomwepo.

Bwana wake sanachulutse gaga m'diwa. Anati lole siigona pansi, adzamudikira mpaka mwezi utha, zikakanika alemba dalaivala wina.

Stanford anali munthu wa ku Ntchisi, wamfupi, wa mtima wapachala, wosadziwa kukhala pansi. Pocheza ankaliza makiyi a lole m'manja, ndipo tsopano makiyi atalandidwa, zala zinkangosewera zokha m'thumba. Anathamangira kukhoti mvula yowaza ya ku Mzuzu ikumunyowetsa.

Kalaliki wa khoti, mayi Keziya Mwafulirwa, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Dada, paja munabwera nokha. Munavomera mlandu woyendetsa mosasamala."

"Ine? Mayi, chibadwire sindinapondemo muno. Samani sindinaione. Masiku mukunenawo ndinali ku Chitipa, lole itatitimira m'matope."

"Yayi, nkhope sindisunga, anthu amachuluka chomene. Koma ngati zili choncho, pemphani amejisitireti autsegulenso mlandu. Mudzalumbira kuti simunaitanidwe. Tsono dziwani, amene anaima m'dzina lanuyo akapezeka, ndi wa kundende."

"Akafere komweko!" anatero Stanford. "Lembani pempholo."

Masiku odikira aja anawayenda ndi miyendo. Kudepoti, kumsika, kugalaja, kubwereranso kudepoti. Aliyense amene anakanganapo naye anasanduka woganiziridwa. Madalaivala anzake akamuonera patali ankayamba kusuzumira m'maboneti osawonongeka, pakuti nkhani yokhudza mbendera masiku amenewo sinkafuna mboni. Mkwiyo wotsala ankabwera nawo kunyumba, n'kumazungulira tebulo, akutchula zimene adzam'chite mfiti imeneyo.

Mkazi wake Lettie, NyaGondwe, ankathawira kukhitchini. Mlamu wake Gideon, mlongo wake wa Lettie amene ankakhala nawo chifukwa chosowa ntchito, ankadzuka n'kukawaza nkhuni. Gideon anali wamtali ngati mtengo wa magetsi, wosayankhulayankhula. Sabata imeneyo anawaza nkhuni zokwanira chisanu chonse, koma Stanford, mwini maso oona dzenje la mumsewu akali kutali, sanaone kanthu.

Litatsala tsiku limodzi, masana, anatulutsa jekete yake ya ukwati kuti aipukute. Ankafuna amejisitireti aone kuti iye ndi munthu. Poitembenuza anapeza kuti m'khwapa monse muwiri munang'ambika, n'kusokedwa ndi ulusi wa mtundu wina.

"Mayi a Elsie! Jeketeyi inachepera ndani?"

Lettie anabwera manja ali ndi thovu la sopo. Anaona jekete, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo.

"Bambo a Elsie, khalani pansi kaye."

"Sindikhala. Nenani."

Ananena. Wapolisi anabwera ndi samani Stanford ali ku Chitipa. Lettie atangomva mawu oti mbendera, anakumbukira bambo ake. Bambowo, amene anali mphunzitsi, anaitanidwa chomwecho kalekale, akuti kukafunsidwa mafunso pang'ono, ndipo choko chawo chinatsala pawindo mpaka chinafewa ndi chinyezi. Sanabwerere.

"Ndinati mukapita inu, ana anayiwa adya chiyani? Gideon anati, dumbu, mlongo wanga, ine ndilibe mkazi, ndilibe ntchito, ndipite ndine. Anavala jekete yanu, ananyamula bulangete lokafunda kundende. Tinatsanzikana ngati maliro."

"Ndiye anakavomera?"

"Zonse. Ankati boma ukalitsutsa limakusunga. Masana tinangomuona akubwera, bulangete lili kukhwapa. Za laisensi anazimva, koma tinati mwina aiwala. Tinaopa kukuuzani."

"Mwandidula manja, mayi inu! Mlandu wa chiswe! Ndikanakafotokoza ndekha, atcheyamani akanandiikira umboni. Mwandipha ndi chisoni chanucho!"

Anatuluka osatseka chitseko. Anayenda mpaka kumsika, anabwerera, anapitanso. Anali wokwiya, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti mkwiyowo unasowa pokhala. Mdani amene anam'konzera mawu sabata yonse anali munthu amene ankamutsukira lole Loweruka lililonse osapempha kanthu. Komanso laisensi ija sinali pepala wamba. Anaivutikira zaka zambiri ali mnyamata wokweza katundu, akugona pansi pa malole a anthu, ndipo ndi imene inkalipira nyumba ndi sukulu ya Elsie. Atabwerera madzulo anangolowa kukagona.

M'mawa anavala jekete yake yosokedwayo n'kupita kukhoti yekha. Anakhala pabenchi. Mawu anali atawakonza bwino: adzanena kuti samani sanailandire, zomwe zinali zoona, kuti sanabwere, zomwenso zinali zoona, ndipo akamufunsa amene anabwera adzati sakumudziwa. Enawo akafufuze okha.

Dzina lake litaitanidwa, anaimirira, n'kucheuka kamodzi. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kunali Gideon, mutu wake utapitirira mitu yonse. Anavala malaya akeake. Pamiyendo anali ataika bulangete lokulungidwa bwino, lomangidwa ndi luzi.

"Stanford Chimphamba," anatero amejisitireti, "mukuti mlandu wanu unazengedwa inu osadziwa, ndipo amene anaima pano sanali inu. Gwirani Baibulo mulumbire."

Wapolisi anamutambasulira Baibulo. Stanford analiyang'ana. Anamva benchi ya kumbuyo ikulira, ndipo anadziwa kuti mlamu wake wayamba kudzuka kuti adzipereke.

"Bwana," anatero mofulumira, mokweza, "pempho lija ndalichotsa."

"Mwati bwanji?"

"Ndalichotsa, bwana. Chigamulo chikhale momwemo. Jekete yomweyi ndi imene inaima pano."

"Ndiye mwatitayitsiranji nthawi? Mumayesa khoti ndi depoti ya basi, pokwera ndi kutsika mmene mwafunira?"

Anthu anaseka. Amejisitireti anam'kalipira mpaka anatopa, ndipo Stanford anangoti zyoli, makutu akutentha. Benchi ya kumbuyo inaliranso, munthu akukhala pansi.

Kunja mvula inali ikuwazabe. Ali pamakwerero a khoti, lole yake inadutsa mumsewu waukulu, itasenza matabwa. Mwezi unali usanathe, koma pachiwongolero panali kale munthu wina, amene ankalowetsa magiya mokukuta ngati akuphwanya miyala. Stanford anatsinzina. Zinamupweteka mpaka m'mano.

Gideon anaima pambali pake, bulangete lili kukhwapa.

"Mulamu," anatero, "ine ndinakonzeka. Mukananena."

"Khalani chete, alamu. Munthu wamtali chonchi, nzeru zimatopera panjira zisanafike kumutu."

"Yewo chomene, mulamu," anathokoza Gideon m'chinenero chakwawo.

"Yewo wa chiyani? Mawa mundidzutse m'mamawa. Tikafunse zokweza matabwa kugalaja. Ntchito imeneyo ndimaidziwa, ndikuphunzitsani."

Anatsika makwerero. Mphepo yozizira inalowa m'khwapa mwa jekete, momwe ulusi wa Lettie unali utayamba kumasuka. Stanford analanda bulangete lija, anadula luzi ndi mano, n'kulifunyulula. Linawakwanira onse awiri, ngakhale kuti Gideon anayenda chowerama mpaka kunyumba ku Masasa.