Fomu Yobiriwira ya M'kabati

Katatu konse anamumeta mpala mwamuna wanga Torsten, katatu konse anabwerera kunyumba opaleshoni osachitika. Anthu inu! Munthu wamkulu kumumeta ngati nkhosa, kenako n'kumuuza kuti pepani, kapumuleni.

"Bola boma likundimeta ulere," ankatero iye, khofi akutayikira patebulo chifukwa cha dzanja lakelo.

Torsten anali wokonza mawotchi. Matenda onjenjemera anamulanda ntchito, kenako anamulanda supuni ndi mabatani a malaya. Madokotala ofufuza anamulemba m'gulu la odwala oti awaike maselo atsopano mu ubongo. Maselowo amachokera ku mimba zochotsedwa zikadali zazing'ono, ndipo opaleshoni imodzi inkafuna amayi anayi opereka m'sabata imodzimodziyo. Akaperewera mmodzi, basi, valani chipewa muzipita.

Ine ndine mzamba pachipatala chomwecho. Kuwodi kwathu lamulo ndi losapindika: fomu yobiriwira yopemphera maselo imakhala m'kabati yokhoma. Suitchula, suiyang'ana n'komwe, mpaka mayi atatsimikiza yekha kuti akuchotsa. Lamuloli ndinkalinyadira, ndipo azamba ophunzira ankandiopa nalo.

Chaka chimenecho kalata inabwera kuchokera ku Stockholm, likulu la dziko lathu, yoti chilolezo ndi ndalama za kafukufukuyu zitha kumapeto kwa Juni. Mnzanga amene ankagwira mafomuwo m'malo mwanga, poti ine nkhaniyi inkandikhudza, anali atathawira kale kutchuthi kukanyumba kake kakunkhalango. Kwathu kuno m'Juni dziko lonse limapenga ndi dzuwa, poti nyengo yozizira imakhala itatha. Ndinatsala ndekha, kiyi ali m'thumba.

Sabata yomaliza Torsten anametedwa kachinayi. Opereka anali atatu. Dokotala anati wachinayi akapezeka pofika Lachinayi, Lachisanu alowa naye ku opaleshoni.

Lachitatu m'mawa kunabwera mtsikana dzina lake Ylva, wogulitsa buledi. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, jekete osavula.

"Ndabwera kudzachotsa," anatero. "Ndikuganiza choncho."

"Ukuganiza kapena watsimikiza?"

Anayang'ana nsapato zake. "Inuyo mukanakhala ine mukanatani?"

Ndisaname, mtima unandikoka. Ndikanangoti, "Mwanawe, ukadali wamng'ono," zikanathera pomwepo, mimbayo akanachotsa. Ndi mawu amene anthu amanena tsiku ndi tsiku, palibe akanandigwira nawo. M'maganizo ndinaona mutu wa Torsten, wonyezimira uja, ndipo dzanja langa linali litagwira kale kiyi m'thumbamo. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

"Ine si iwe," ndinatero, mawu akutuluka mokalipa. "Pita ukagone nazo. Masabata ukadali nawo. Ukatsimikiza, khomo ndi lomweli, ndipo palibe adzakufunse chifukwa."

Anadzuka, nathokoza, natuluka. Ine ndinakadzitsekera m'chipinda chosungira nsalu n'kulira mokwiya. Ndinatukwana boma, ndinatukwana lamulo, ndinatukwana ngakhale mtsikana wosalakwayo. Lachinayi ndinadikira mpaka kuweruka. Sanabwere.

Lachisanu Torsten anavala chipewa chake, tinakwera basi. "Usalire, Gunnel," anatero. "Tsitsi limamera." Chilolezo chija sanachiperekenso, ndipo za Ylva sindinamuuze. Za m'wodi sizituluka m'wodi.

M'Epulo chaka chotsatira tinali pamzere kupositi ofesi. Kutsogolo kwathu khanda linkalira m'chikuku ngati lalumidwa ndi mavu, mayi wake akulimbana ndi katundu. Atatembenuka ndinamuzindikira, anali Ylva. Ife azamba sitiyamba kupereka moni kwa odwala athu panjira, choncho ndinangoyang'ana kukhoma.

Miyendo ya Torsten inali itatopa. Anagwira chogwirira cha chikukucho kuti atsamire, ndipo dzanja lija linayamba zake. Chikuku chinagwedezeka pang'onopang'ono, osalekeza. Khanda linatsitsa mawu, linayasamula, linagona.

"Ii, agogo!" anatero Ylva. "Usiku wonse ndalephera ine. Dzanja lanuli ndi mankhwala."

"Taona, Gunnel," anatero Torsten, akuseka ndi mbali imodzi ya kamwa. "Ntchito ndaipeza. Lino silifuna batire."

Apo m'pamene Ylva anandiona. Anagwedeza mutu pang'ono, nanenso ndinagwedeza. Mwa ine chisoni ndi chimwemwe zinali zitakumana malo amodzi.

Titatuluka, mphepo inali yozizirabe. Torsten anaima kuti ndimumange jekete.

"Ukumudziwa mtsikana uja?"

"Ayi," ndinatero, ndipo ndinamumanga mabatani onse mpaka la pakhosi.