Chifunga Pokhota pa Thamesmead

Boti lathu limakoka mabwato awiri a zinyalala pa mtsinje wa Thames. Ine ndimaima kutsogolo, ntchito yanga ndi maso. Kaputeni ndi Sam, mzungu wa msinkhu wa mwana wanga. Wachitatu ndi Kasuba, Mzambia wa ku Lusaka.

Lamulo la Sam ndi lakuti chimene waona uchinene pa wailesi nthawi yomweyo. Koma chimwalirire mkazi wanga Effie, pakamwa panga panalemera, ndinkangoloza ndi dzanja. Sam anandichenjeza kawiri. Anati kachitatu ndidzatsika boti. Pa msinkhu wangawu palibe angandilembenso ntchito, ndipo kufulati komwe ndimakhala kuli zii.

Lachiwiri m'mawa kunagwa chifunga. Madzi ankaphwera kunyanja, akutikankha kumbuyo. Pokhota pa Thamesmead njira ndi yopapatiza, ndipo tinali titamva kuti kukubwera sitima yaikulu ya mchenga. Boti lokoka siliima msanga. Likaima, mabwato akumbuyo amaliwomba.

Ndinaona kaboti koyera pakati pa njira yathu, injini itazima. Munali bambo mmodzi akukupiza chipewa.

Ndinaloza. Nditacheuka, ngakhale zenera la Sam silinkaoneka. Ndinadina wailesi.

"Pepani a Kaputeni, ndakusokonezani. Ngati sindikulakwitsa..."

"Chiyani? Kuti?" anafunsa Sam.

"Mudala, kambani chabe!" Kasuba anakuwa ali kuzingwe.

"Boti! Patsogolo pathu! Khotani kumanja!"

Mawu anga anandidzidzimutsa ndekha. Sam analiza hutala, boti lathu linapendekeka, zingwe zinalira. Bwato lomaliza linakhula kaboti kaja, kanamwa madzi koma sikanagubuduke. Kumanzere sitima ya mchenga inadutsa ngati khoma. Sam anaitana opulumutsa anthu pamadzi, ife n'kupitirira, poti sitikanatha kuima.

Titamangirira padoko, Sam anandiitana.

"Masekondi asanu ndi awiri, Fidelis. Munthu akufuna kufa, inu mukundipepesa."

"Kwathu nkhani sitiyamba ndi kukuwa."

"Pamadzi palibe odi, mudala," anatero Kasuba. "Ulemu muzampasa pa Sondo."

Sam sanaseke. "Musanadine wailesi, munayamba mwaloza?"

M'chifunga muja palibe anandiona. Ndikanatha kukana.

"Ndinaloza."

"Ndiye kachitatu."

"Eya."

Ine ndinayamba kuvula jekete lachitetezo kuti ndim'bwezere.

"Bambo uja ali bwanji?" ndinafunsa.

"Wangonyowa. Akumwa tiyi." Sam anakankha jekete lija pachifuwa panga. "Ndikupatsani mwezi umodzi. Chilichonse choyandama muzichinena, kaya ndi thabwa, kaya ndi bakha. Popanda pepani."

"Bakha mungam'patse moni, sakana," anatero Kasuba.

Ndinavalanso jekete. Ndinamanga lamba wake. Kenako ndinapita kukakulunga zingwe, poti ulendo wobwerera unali wa leveni koloko.