Jakisoni wa Pabedi Nambala 7

Achimwene anandilumbiritsa tili pageti la chipatala.

"Tsabola, lero pakamwa utseke. Ukangoyamba za m'mabuku ako zija, ndikunyamula ndekha kukakuponya kunja."

"Ndamva."

"Usati ndamva. Lumbira."

Ndinalumbira, chifukwa dzulo lake ndinali nditawachititsa manyazi. Bambo athu anagwa pamakwerero akupenta nyumba ya eni ake, mkono wamanja n'kuthyoka pawiri, ndipo madokotala anati awaika chitsulo. Nesi atabwera kudzawaika dilipi, ine ndinagwira thumba la madzi lija n'kuyamba kuwerenga mokweza zolembedwapo, kenako n'kufunsa kuti walamula ndani. Asisitala, akulu a wodi yonseyo, anandiuza pamaso pa anthu kuti ndikabwerezanso alonda anditulutsa ndipo sindidzapondamonso.

Za mabukuzo sindikana. Sukulu ndinasiyira panjira, koma kuwerenga sindinasiye. Pafupi ndi shopu yomwe ndimagwira ntchito ya fotokope pali mkulu wina amene amayala mabuku akale pansi, ndipo amandisungira amtundu umodzi: nkhani zopeka za m'zipatala, momwe dokotala waulemu amakhala akupha odwala mwakachetechete mpaka mtsikana wina wonyozeka atamutulukira. Ndawerenga oposa makumi atatu, dikishonale ili pambali. Mabukuwa anandiphunzitsa mayina a mankhwala ndi ntchito zake. Anandiphunzitsanso kuti wovala zoyera akakumwetulira, iwe uziyang'ana manja ake.

Tinalowa mu wodi nthawi yoona odwala ya masana. Bedi la Bambo linali lachiwiri kuchokera pakhomo, moyang'anizana ndi chimbudzi. Pabedipo panali munthu wina, wonenepa, phazi lake litakulungidwa bandeji.

"Ali kuti?" ndinafunsa.

"Walumbira," anatero achimwene, koma nawonso maso anali akuthamanga.

Tinawapeza kumapeto kwenikweni kwa mzere womwewo, pawindo, pabedi nambala 7. Anali m'tulo, kukamwa kuli yasa, milomo itauma. Opaleshoni inali ya fili koloko, ndipo chiyambire dzulo madzulo anawaletsa kudya ngakhale kumwa madzi. Koma pakakabati ka pambali pawo panali mbale ya chakudya, yosakhudzidwa.

"Achimwene, awasamutsiranji? Nanga mbale iyi?"

"Mwina aona kuti kuno kuli kamphepo. Mbaleyo ndidya ine, nkhani ithe."

"M'mabuku akafuna kumuchita chipongwe munthu amayamba amusuntha kaye, amuike pakona."

"M'mabuku. Tandiuza, wopenta nyumba wopanda ngakhale njinga, akamupha apindula chiyani? Bulashi?"

M'mabuku aja wophedwa amakhala ndi chuma, kapena chinsinsi, kapena impso yomwe munthu wolemera akuifuna. Bambo chinsinsi chawo chinali chimodzi, kusuta fodya kuseri kwa nyumba, ndipo tonse tinkachidziwa. Ndinakhala pansi, manja ndinawapanikiza pakati pa maondo.

Kenako kangolo ka mankhwala kanalowa, gudumu limodzi likulira. Ankakakankha ndi nesi yemwe ndinali ndisanamuonepo, wamng'ono ngati ine ndemwe, tsitsi atalimanga mothina, nsapato imodzi itang'ambika kutsogolo. Wodi yonseyo, mabedi makumi anayi ndi ena ogona pamatiresi pansi, anali yekha. Pabedi lililonse ankatenga fayilo yopachikidwa kumiyendo, kuiwerenga, kupereka mankhwala, kusaina, n'kupitirira. Bedi lachinayi. Lachisanu. Ine maso ali pamanja ake.

Atafika kwa ife anatipatsa moni motsitsa mawu, n'kutsegula fayilo. Anatenga kabotolo kakang'ono m'kabokosi kozizira, ndi sirinji yowonda ngati udzu, ya kachotsekera kofiirira. Anakagudubuza kabotoloko pakati pa zikhatho.

Kugudubuza kumeneko ndinakudziwa. Ndinakuwerenga m'mabuku atatu osiyana. Insulini, mankhwala a matenda a shuga. Kwa wodwala shuga ndi moyo. Kwa munthu wopanda shuga, amene m'mimba mulibe kanthu chiyambire dzulo, amayamba thukuta, kenako kunjenjemera, kenako tulo tosadzuka nato, ndipo woona amangoti akupuma. Bambo shuga alibe. Amathira masipuni anayi mu tiyi ndipo sanadwalepo.

Ndinayang'ana achimwene. Anali pafoni. Ndinayang'ana kukhomo: Asisitala anali ataima pamenepo ndi mlonda, akuloza china chake kudenga. Ndikalankhula n'kupezeka kuti ndalakwitsa, anditulutsa, Bambo alowa ku thiyeta kukachitidwa opaleshoni ine ndili kunja kwa mpanda. Mwinanso madokotala anapeza china m'magazi usiku. Mwina pali mankhwala ena omwe amagudubuzidwa. Ndine ndani ine, wafotokope?

Nesi anakoka mankhwala, n'kugogoda sirinji ndi chala. Anavundukula bulangete, n'kukweza malaya a Bambo pamimba, n'kupukutapo ndi thonje.

Ndinamugwira dzanja.

Sindinagwire mwaulemu. Ndinagwira momwe umagwirira wakuba pamsika.

"Ukuwabaya chiyani?"

"Achemwali, tandisiyani, pali singano apa."

"Ndi insulini ameneyo! Bambo anga alibe shuga! Wakutuma ndani? Ukufuna kuwapha!"

Wodi yonse inatembenuka. Achimwene anandigwira m'chiuno n'kuyamba kundikoka, akunena kuti pepani, pepani, mutu wake sukoka bwino mwanayu. Ine dzanja la nesi sindinalisiye. Asisitala anali akubwera pakati pa mabedi, mlonda ali pambuyo.

"Ndi yemwe uja," anatero Asisitala. "Alonda, mutulutseni."

"Munditulutse, koma muwerenge kaye dzina pafayilopo! Liwerengeni mokweza!"

Nesi, ndi dzanja lomwe linali lomasuka, anatembenuza fayilo. Anawerenga dzina mokweza. Silinali la Bambo.

Kenako kuchokera kukhomo kunamveka mawu aakulu.

"Ndine ameneyo! Jakisoni wanga uyo, musamugawe!"

Anali munthu wonenepa uja, wa phazi la bandeji, yemwe wodi yonse inkamutcha Adalaivala. Anadzuka ndi ndodo yake n'kuyamba kutsimphina kubwera.

"Ndakhala ndikudikira chimmawire. Chakudyanso andidumpha, akuti pabedi panga palembedwa kuti asadye. Ine wa shuga ndisadye? Mukufuna basi yanga ayendetse ndani?"

Phokosolo linawadzutsa Bambo. Anayang'ana mimba yawo ili pamtunda, anayang'ana ine nditagwira nesi, achimwene atagwira ine.

"Tsabola, wamenyanso munthu?"

"Bambo, anakusamutsani ndani pabedi panu?"

"Ndasamuka ndekha. Anzangawa amapita kuchimbudzi kakhumi pa tsiku, ndi phazi lotere, kuchokera kuno kumapeto. Ine miyendo ndili nayo. Ndiye madokotala atangodutsa mmawa tinasinthana." Anaona nkhope zathu. "Talakwa? Mabulangete aliyense anatenga lake."

Mabulangete anatenga. Mafayilo anawasiya.

Ndinasiya dzanja la nesi. Zala zanga zinali zitadinda pakhungu lake. Anaika sirinji m'mbale yachitsulo. Anakhala pamphepete pa bedi, zomwe ndikuganiza saloledwa, n'kuphimba pakamwa.

"Sunamufunse dzina wodwala?" Asisitala anamufunsa, mawu ali pansi koma akuthwa.

"Anali m'tulo. Ndalowa leveni koloko, wodiyi ndayamba lero. Shuga wa mmawa walembedwa apa, ndi wokwera..."

"Tikakambirana ku ofesi."

Apa magazi anandiwiranso, koma mbali ina.

"Ku ofesi kukatani? Anthu makumi anayi ndi kuposa, munthu mmodzi, ndiye mukamukalipire yekha? Dzina la munthu mumalipachika pabedi ngati wodwala ndi bedilo. Odwalawo amayenda, amayi!"

"Tsabola," anatero achimwene, koma ulendo uno mofooka.

"Amayenda zedi," anavomereza Adalaivala. "Awo a pabedi leveni ndi awo a thwelofu anasinthana Lachiwiri. Wina amadana ndi kuwala kwa babu la magetsi."

Asisitala anatseka maso kwa kanthawi. Atatsegula sanayang'ane ine. Anatuma mlonda kuti akatenge pulasitala ndi cholembera pa desiki, ndipo iwo ndi nesi uja anayamba kuyenda bedi ndi bedi, kudzutsa aliyense, kumufunsa dzina, kulilemba n'kumumata padzanja. Anayambira pa Bambo. Adalaivala anabayidwa jakisoni wawo, n'kulanda mbale ija m'manja mwa achimwene.

Nesi atabwerera kudzatenga kangolo kake ndinaima patsogolo pake. M'mabuku aja zikafika apa woipa amakhala wamangidwa, ndipo mtsikana uja sapepesa kwa aliyense. Palibe ngakhale limodzi lomwe linandiuza chonena kwa munthu amene wamutcha wakupha pamaso pa wodi yonse, chonsecho wangotopa.

"Kukugwirani dzanja sindikupepesa," ndinatero. "Koma mawu aja ndinalakwa. Pepani."

Anasisita pomwe ndinadinda paja.

"Munadziwa bwanji kuti ndi insulini?"

"Ndinawerenga."

"Ndinu a zachipatala?"

"Ayi. Mabuku abodza."

Anafuna kuseka koma sizinatheke. Anakankha kangolo kake, gudumu lija likulira.

Fili koloko itatsala pang'ono anabwera awiri ndi machila a mawilo. Asanawanyamule Bambo, ndinawaona akutembenuza dzanja lamanzere n'kuwerenga pulasitala. Ndinawerenga nawo, chilembo ndi chilembo. Tinawaperekeza mpaka pachitseko cha thiyeta, pomwe pali mzere wofiira wosadumphidwa.

"Buku lako lina uli nalo m'chikwama?" anafunsa achimwene titakhala pabenchi.

"Lilimo."

"Likuti chiyani za ku thiyeta?"

"Simungafune kumva."

"Ndiye usanene."

Anayang'ana pachitseko.

"Komabe, Bambo awalemba chizindikiro pamkono woti apange opaleshoni? Wamanja uja?"

"Awalemba. Ndaona ndekha, kawiri."

Anapumira m'mwamba, n'kundipatsa botolo lawo la madzi.