Masamba Amene aTelala Anasoka

"Ali bwino. Wadya, wasamba, wagona bwinobwino," anatero aTelala, mlangizi wa za ana asanamalize n'komwe funso lake.

"Ndimafunsa mwanayo, amayi."

"Ndi wamanyazi ameneyu. Funsani ine."

Mwanayo anali pansi pa tebulo la makina osokera, pamalo pake pa masiku onse, akusanja tizidutswa ta nsalu, tofiira patokha, tobiriwira patokha. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi. A ku ofesi yosamalira ana anamubweretsa kwa aTelala mvula isanayambe, mayi ake atagonekedwa m'chipatala chakutali, ndipo panalibe m'bale womutenga. Chibwerere chake sanatulutse liwu. Adokotala anamuyeza makutu, anati akumva. Kwawo akuti ankalongolola mpaka kutopetsa anthu. Mawu ake anangotsala m'njira. Ana a nyumba zoyandikana anamutcha Kachete, ndipo dzinalo linamukakamira.

Inu amene mumalandira ana a eni, muzichenjera ndi mwana wosavuta. Wolira mumamuthamangira. Wachete mumamutama kuti ndi waulemu, pamene mkati mwake akufota.

ATelala anali atalera ana awo, onse n'kukula n'kupita. M'nyumba munatsala phokoso la makina basi. Tsiku limene anavomera kulandira mwana, ankaganiza kuti amvanso kamawu kakuitana kuchokera kuchipinda. Nthawi zina ankaimitsa phazi pakati pa msoko n'kutchera khutu. Kuli zii. Ngakhale kungoti "amayi" kamodzi, kapena "agogo", iwo akanalandira.

"Nanga buku lija ndinakusiyirani, mukuwerenga?" anafunsa mlangizi.

"Tinayamba bwino. Koma masiku ano salifuna."

"Ndilione."

ATelala anakwera pampando n'kulitsitsa pamwamba pa kabati. Linali buku la zithunzi, nkhani ya kagalu kosochera m'tauni. Iwo sukulu anailekeza panjira. Manambala a pa tepi yoyezera ankawadziwa, koma zilembo zinkawatulutsa thukuta. Polisiya bukulo mlangizi anali atawauza kuti asavutike: azingokhala naye mwanayo n'kumacheza za zithunzi, ndipo amuna awo, aMakanika, akaweruka kugalaja aziwerenga mawu, chala chikuyenda pansi pa mzere. Anachitadi zimenezo. Kachete ankatuluka pansi pa tebulo, n'kukhala pakati pawo, maso ali pa chala chakuda ndi girisi cha aMakanika.

Mlangizi anatsegula masamba limodzilimodzi. Atafika pakati anaima. Anasisita m'mphepete mwa tsamba, n'kuliyang'anitsitsa pawindo.

"Amayi, tatiyeni pakhonde."

Atatseka chitseko anafunsa motsitsa mawu: "Ulusi uwu wafika bwanji m'buku?"

"Ndasoka ndine," anatero aTelala. "Sindinang'ambe, taonani. Msoko wake ndi waung'ono, ukhoza kuchoka."

"Chifukwa chiyani?"

"Pamenepo pali chithunzi choipa. Mzimayi wa diresi lachikasu akuyanika zovala, kamwana kamugwira m'mphepete mwa diresi. Tikafika pamenepo mwanayu amaika dzanja, safuna kuti titsegule kwina. Kenako misozi mbwee, popanda ndi liwu lomwe. Mawa lake chimodzimodzi. Ine mtima sunapirire. Mwana wa eni ake ndizimuliza dala madzulo alionse? Atadwala nazo ndidzayankha chiyani?"

"Ndiye mutasoka anatani?"

ATelala anayang'ana pansi. "Anafunafuna. Anapapasa ulusiwo ndi chala. Kenako anandiyang'ana ine, n'kubwerera pansi pa tebulo."

Mlangizi anapumira m'mwamba. Anali mtsikana wamng'ono, msinkhu wa mwana wawo womaliza, koma sanazungulire.

"Amayi, ndikudziwa munachita chifukwa chomukonda. Koma m'buku lonseli, tsamba limene linamugwedeza ndi lomweli. Ngati mawu ake ali penapake, ali pamenepa. Komanso ndisakubisireni: akuluakulu ku ofesi akuti ngati sipakhala kusintha ndikadzabweranso, amusamutsire kunyumba ya ana kumene kuli aphunzitsi a zolankhula. Ndi kutali."

"Kumuchotsa kuno?"

"Ine sindikufuna. Koma sindinganame kuti akulankhula."

"Ndiye nditani?"

"Chotsani ulusi. Akalira, musiyeni alire muli pompo. Ndipo mukamufunsa kanthu, dikirani. Dikirani mpaka zikuwaweni."

AMakanika atabwera madzulo anapeza akazi awo atagwira tsaya, makina ali ovundikira. Mwanayo anali kuseri akuonerera anzake akudumpha chingwe. AMakanika atamva nkhaniyo anaseka mpaka kukhosomola.

"Anzanu akusoka mathalauza, inu mwayamba kusoka mabuku? N'chifukwa chake nkhani ija imandidumpha! Kagalu kali pamsika, mwadzidzidzi kali pa mlatho. Ndimati mwina maso anga atha."

"Sekani. Akamutenga mudzasekanso."

AMakanika analeka kuseka. Anakhala pansi n'kuyamba kumasula nsapato.

"Mayi, ndinene, musakwiye. Inu mumalankhula za anthu awiri. Mwana akangoyang'ana kapu, madzi afika kale. Akayang'ana pakhomo, mwanena kale kuti kunja kuli galimoto, asatuluke. Ine ndikamufunsa za kusukulu mumayankha ndinu, ngati mumakhala naye m'kalasi. Alankhulirenji?"

"Ndimamuteteza."

"Ndikudziwa. Koma chikwatiranireni, nthawi yokha imene ndinakuonani muli chete ndi pamene muli ndi mapini pakamwa."

"Mukanakhala osokeka inu, ndikanayambira pakamwa panupo."

Anatero aTelala, koma mawu a amuna awowo anawalowa.

Sanachotse ulusi mawa lake, ngakhale mkuja. Mantha ndi oipa, amakuuza kuti ukuchita chifundo pamene ukungodzitchinjiriza wekha. Ankatenga bukulo, n'kulibwezanso. Ankaganiza za misozi ija. Ankaganizanso china chimene sanauze munthu: mwanayo akakumbuka bwino mayi ake, iwo adzakhala ndani? Wongophika ndi kuchapa?

Tsiku lina masana, Kachete atabwera kuchokera kusukulu, kunja kukuwaza mvula, aTelala anayang'ana kansapato kake pakhomo, konyowa, koikidwa bwinobwino pambali pa nsapato zawo. Anaganiza za pakhomopo popanda kansapatoko. Anaimitsa makina. Anatenga buku ndi kalezala, n'kukhala pansi pasimenti, pafupi ndi mwendo wa tebulo. Mawondo analira.

"Ndinalakwitsa, mwanawe," anatero. "Ndinatseka tsamba lako. Ndikulitsegula."

Anadula ulusi pang'onopang'ono, kalezala akukalozetsa kwa iwo eni, chifukwa lezala pafupi ndi mwana si chinthu choseweretsa. Kadzanja kanatuluka pansi pa tebulo n'kuyamba kusolola tiulusi todukato. Masamba aja anatseguka. Mzimayi wa diresi lachikasu anali pompo, manja ali m'mwamba pa chingwe, timabowo ta singano tikumuzungulira.

Kachete anaika dzanja pachithunzicho. Misozi inayamba.

Mawu anadzaza m'kamwa mwa aTelala: usalire, tiye tione kagalu, ufuna tiyi? Anamva lilime likunyamuka lokha. Msangamsanga anazula mapini pa kapilo kawo n'kuwaluma ndi milomo, monga amachitira poyeza diresi la kasitomala. Zimenezi musatengere, pini ikamezeka ndi nkhani ina. Koma iwo njira ina analibe.

Anadikira. Mvula inkagogoda pa malata. Msana unayamba kuwawa. Mwanayo analira mpaka kamphuno kutuluka mamina, ndipo aTelala anangomuyandikizira kansalu, osamupukuta. Anadzipukuta yekha. Anayang'ananso chithunzicho nthawi yaitali.

"Lawo lili ndi matumba."

Kanali kamawu kosasa, ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa. ATelala anachotsa mapini aja imodziimodzi.

"Diresi la ndani?"

"La amayi anga."

Chinawabaya pamtima, koma anameza.

"Amaikamo chiyani m'matumbamo?"

Anadikiranso. Ulendo uno mapini anali m'manja, pakamwa anatseka okha.

"Zopanira zovala. Ndi makiyi." Mwanayo anasisita diresi la pachithunzi. "Ndi dzanja langa, kukazizira."

"Ndi matumba abwino amenewo," anatero aTelala.

Kachete anatsitsa chala pa mzere wa zilembo pansi pa chithunzi, monga amachitira aMakanika, n'kuwayang'ana.

"Tidikire abambo abwere, adzatiwerengere."

Mwanayo anapukusa mutu. "Inu."

Sanati amayi. Sanati agogo. Anangoti inu. ATelala analitola liwulo momwe linalili. Anavala magalasi awo osokera n'kuyamba kulimbana ndi zilembo, akugwa n'kudzuka. "Ka... ka-ga-lu ka-na... ka-na-du..."

"Kanadutsa," anatero Kachete, amene anali atazimva kwa aMakanika tsamba lisanasokedwe.

"Kanadutsa. Wandiposa kale iwe."

Sikuti kuyambira tsikulo mwanayo anasanduka wailesi. Ena amaganiza choncho, n'kuyamba kumukakamiza mwana kuti alankhule pamaso pa alendo ngati chionetsero. Musamatero, amabwereranso m'kati. Masiku ena ankatha osanena kanthu. Masiku ena ankanena za amayi ake okhaokha: mmene amayetsemulira, nyimbo imene amaimba pochapa. ATelala ankamvetsera zonse, ngakhale zowawa.

Mlangizi atabweranso anagwada pafupi ndi tebulo la makina.

"Uli bwanji lero?"

ATelala anakanikiza milomo mpaka kuyera. AMakanika, amene anajomba kugalaja dala, ankayang'ana kudenga. Mlangizi sanafulumire.

"Buku lija tamaliza," anatero Kachete. "Muli ndi lina?"

Pakhonde mlangizi anati za kusamutsa zija akakamba ku ofesi kuti ziime. Anatinso mayi a mwanayo ayamba kudzuka pabedi, ndipo akadzachira bwino adzamutenga, monga zinalili kuyambira pachiyambi.

"Ndikudziwa," anatero aTelala. "Achire ndithu. Mwanayu akuwasowa."

Mlendo atapita, anatenga diresi lawo la pakhomo n'kufunafuna m'thumba la zidutswa. Anadula nsalu ziwiri, n'kuzisokerera m'mbali, imodzi uku ina uku.

"Matumba akuluakulu chonchi ndi a chiyani, mayi?" anafunsa aMakanika. "Mukufuna kumabisamo masipanala anga?"

"Ndi a makiyi," anatero aTelala, n'kuluma ulusi.

Nyengo yozizira inali idakali kutali. Anavala diresilo tsiku lomwelo.